LBP2900, P1102 kapena P2055dn: pulinta yothamangadi ndi iti?

Amene mukutsegula malo osindikizira zikalata ku Area 25 kapena ku Malangalanga, nambala ya ppm (mapeji pa mphindi) yolembedwa pakatoni ya pulinta isakutengeni mtima. Canon LBP2900 imatulutsa mapeji 12 pa mphindi, HP P1102 mapeji 18, HP P2055dn mapeji 33. Komatu liwiro limeneli ndi la kalata ya mawu okhaokha, mbali imodzi ya pepala. Kwa kasitomala wa CV ya peji imodzi zitatuzi n'chimodzimodzi: pepala loyamba limatuluka patatha masekondi 8 kapena 9.

Kusiyana kumaonekera pa PDF yolemera. Wophunzira wa ku Bunda akabwera ndi mapeji 80 odzaza zithunzi, matebulo ndi masatifiketi ojambulidwa pafoni, peji iliyonse iyenera kusandutsidwa timadontho isanapite pa drum, kachipangizo kozungulira kamene kamadinda papepala. LBP2900 ndi P1102 zili ndi memory ya 2 MB yokha, ndiye ntchito yonseyo imagwera kompyuta yanu. Ikakhala yakale, yodzaza ma virus a m'mafulashi a makasitomala, pulinta imatulutsa peji, n'kukhala chete, n'kudzayambanso. Pepala lili mu tray, tona (inki yaufa) alipo, koma kanyali kangophethira anthu ali pamzere. Ambiri amathamangira kwa okonza, chonsecho yatopa ndi kompyuta.

P2055dn imadziwerengera yokha, ili ndi processor ya 600 MHz ndi memory ya 128 MB, ndipo mutha kuwonjezera memory. Koma nayo ikhoza kumezera malovu mukaipatsa driver (pulogalamu yoyendetsa pulinta) ya PostScript pa 1200 dpi (timadontho pa inchi). Ikani driver ya PCL 6, tsitsani kufika pa 600 dpi, diso silisiyanitsa. Fayilo ikakanirirabe, sankhani Print as Image mu Adobe Reader. Pogula yakunja yogwiritsidwapo kale, onetsetsani zilembo zakumapeto: P2055d ili ndi 64 MB ndipo ilibe polumikizira network. Sindikizaninso configuration page, peji ya lipoti la pulintayo, muone mapeji amene yatulutsa kale.

Kusindikiza mbali zonse ziwiri kumadula liwiro pafupifupi theka. Pepala lochindikala la makhadi aukwati nalo limaichedwetsa, chifukwa tona amafuna nthawi kuti amatirire.

Katiriji ya 85A ya P1102 imatha pa mapeji pafupifupi 1,600, pomwe 05X ya P2055dn imafika 6,500. Kuima pakati pa ntchito n'kumagwedeza katiriji ndi kuchedwanso kumene.

Magetsi akazima, musalumikize iliyonse mwa izi ku UPS (kabokosi kosunga magetsi) yaing'ono ya kompyuta. Fuser, gawo lotenthetsa tona kuti amatirire papepala, imakoka moto wambiri potentha, UPS imangolira n'kuzima.

Ofesi yosindikiza makalata khumi patsiku, LBP2900 ikukwanirani, n'njolimba ndipo katiriji yake sivuta kudzazanso. Wa bizinesi tengani P2055dn. P1102 sindingakulimbikitseni: mapeji 6 owonjezerawo pa mphindi sathandiza kanthu pomwe 2 MB ndi yomweyo, katiriji n'kukhalanso yaing'ono kuposa ya Canon.