Wailesi ya sola yomwe ndinagulira amayi ku Mchinji

Mawailesi a sola adzaza m'mashopu mu Lilongwe muno, makamaka mukatsika ku depoti n'kulowera cha ku Malangalanga. Maonekedwe ake ndi amodzimodzi: kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi chogwirira pamwamba, tochi kumbali, mababu awiri a mawaya aatali, pobaya fulashi ndi memori khadi, komanso pobaya waya wotchajira foni. Mayina a pa katoni amasiyana, koma katundu yense ndi wa ku China. Yanga ndinagula mu July 2025. Ananditchulira K45,000, titanenerera anandisiyira pa K38,000. Mtengo umenewu musaugwiritse kwambiri, poti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sagona pa mtengo umodzi.

Ndinagulira amayi anga. Iwo amakhala kumudzi cha ku Mkanda m'boma la Mchinji, ndipo mapolo a magetsi amathera pamsika, kwathu sanafike.

Mawailesiwa alipo mitundu iwiri, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanu ingapindule kapena kulowa m'madzi. Ina ili ndi kasola komatidwa kumsana kwake, kakang'ono ndithu. Kuti itchaje muyenera kuyanika wailesi yonseyo padzuwa. Aneba a amayi ali ndi yotero, ndipo ndinaiona ndi maso anga: pulasitiki yake inapindika, manambala a masiteshoni anafufutika, ndipo batire limatentha mpaka kufufuma. Kasola kameneko kamangothandiza kuti wailesi isafe msanga, osati kuidzadza. Mtundu winawo uli ndi sola yapadera yokhala ndi waya wautali. Sola imakhala padenga, wailesi ili pamthunzi m'nyumba. Mnyamata wa m'shopumo anayesetsa kundikankhira yoyambayo poti inali yotchipa, amvekere, "Asisi, iyi ndi yosavuta, agogo sangasokonezeke ndi mawaya." Ndinakana, n'kutenga ya sola yapadera. Mwana wa achimwene anga anaimangirira pa malata ndi waya wa njinga, chingwe chake n'kuchilowetsa pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Chimangirireni sanaikhudzenso, kupatula kupukuta fumbi m'chilimwe.

Mawu ake ndi omveka bwino. Sipika ndi imodzi, koma ikakhala pakhonde munthu ali kukhitchini amamva nkhani osafunsa kuti ati chiyani. Mukakweza mpaka kumapeto imayamba kusasa, ndiye ndi bwino kulekeza chapakati. Kumudziko imagwira Mudzi Wathu ya pa boma pa Mchinji, Zodiak, MBC ndi Radio Maria popanda vuto. Chifukwa choti malire ali pafupi, masiku ena Breeze FM ya ku Chipata imalowanso, ndipo amayi amaikonda poti achibale athu ena ali tsidya la Zambia. Pali ndi pa SW, pogwirira masiteshoni akutali, pomwe bambo anga ankatsegula usiku pa wailesi yawo ya Nzeru, motsitsa kwambiri, m'zaka za 1992 ndi 1993, nthawi yomwe dziko lonse linali ndi nyumba imodzi yokha youlutsira mawu ndipo nkhani za referendamu anthu ankazisaka kunja. Pa wailesi iyi SW ndi phokoso lokhalokha masana, usiku ndi pomwe mumamva timawu ta zilankhulo zakutali.

Phindu loyamba lomwe amayi anaona ndi la mabatire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amawunikira ndi tochi, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa mmene mabatire amadyera ndalama. Akafooka timawayanika pamwala kuti awotche ndi dzuwa, ena amawamenyamenya kapena kuwaluma m'mbali kuti atulutse mphamvu yotsala, mpaka amayamba kuchucha madzi oyera aja omwe amadya zitsulo za mkati mwa wailesi. Amayi ankatsegula wailesi pa nkhani za m'mawa ndi za madzulo basi, kuopa kutha mabatire. Lero imayankhula kuyambira akamasesa pabwalo. Amamvera zanyengo, mitengo ya soya ndi mtedza, mauthenga achisoni, mapemphero. Mavenda akabwera ndi masikelo awo, iwo amakhala atamva kale mtengo womwe boma lalengeza. Sikuti venda amagula pa mtengo umenewo, ayi, koma munthu umanenerera ukudziwa pomwe wayima.

Chachiwiri ndi foni. Kafoni ka amayi ndi ka mabatani, ndipo kale kakazima ankatuma mdzukulu pa njinga kukatchajitsa pamsika, kulipira, n'kukatenganso madzulo. Ine ndikatumiza ndalama pa foni, uthenga unkakafika foni ili chozima m'shopu ya wina. Pano amangobaya pa wailesi masana dzuwa likuswa mtengo. Aneba nawo amabweretsa mafoni awo. Amayi salipiritsa, koma wina amasiya kamtolo ka nkhuni, wina chigwada, zimayenda choncho. Ndichenjeze pano kuti foni yaikulu yogwiritsa intaneti si ya wailesi iyi. Yanga nditabaya inakwera pang'ono chabe, wailesi n'kutheratu, usiku umenewo tinadya nsima mumdima.

Koma chomwe chandichititsa kulemba ndi zimene ndinaona pa chisankho cha pa 16 September 2025. Ndinakavotera kumudzi komwe ndinalembetsa, ndipo ndinakhala konko kudikira zotsatira. Malamulo amapatsa bungwe loyendetsa zisankho la MEC masiku asanu ndi atatu kuti lilengeze wopambana pa mpando wa pulezidenti, ndipo linagwiritsa onsewo. Masiku amenewo foni yanga sinapume. Pagulu lililonse la WhatsApp, la kutchalitchi, la kuntchito, la achibale, pankagwa manambala. Wina watumiza pepala looneka ngati la boma, chidindo chili pompo, likuti uyu wapambana. Pasanathe ola pabwera lina lotsutsana nalo. Mauthenga a mawu osadziwika mwini wake, akuti asilikali atuluka, akuti makina aonongeka, akuti wakuti wathawa. Munthu umawerenga wekha, mtima uli phaphapha, ndipo usanaganize bwino chala chatumiza kale kwa ena.

Pakhonde la amayi zinali zina. Dzuwa likapendeka anthu ankabwera okha, azibambo ndi timipando tawo, azimayi ndi mphasa, wailesi ili pakati pa kampando kakekake, eriyo itasololedwa yonse. A MEC akayamba kuyankhula kuchokera ku holo ya BICC ku Lilongwe aliyense ankakhala chete, ngakhale ana. Malume anali ndi kope la mwana wasukulu, ndipo ankalemba manambala a khonsolo iliyonse akamatchulidwa. Akaphonya ankafunsa, "Mlongo, Kasungu ati angati?" Amayi n'kuyankha, wina n'kukonza, mpaka nambala ikhale yomwe onse amva. Mnyamata wina atabwera ndi foni yake kuti taonani zatuluka kale, malume anangoti, "Mphwanga, khala pansi. Zikatuluka tizimva tonse pano." Anakhaladi.

Ku Mchinji anthu ambiri ndi a Kongeresi, ndipo pakhonde paja sizinali zobisika kuti ambiri mtima wawo uli kuti. Pa 24 September masana tinamva a Lazarus Chakwera akuvomereza kuti agonja, ndipo usiku wake wapampando wa MEC, mayi Annabel Mtalimanja, analengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 56.8 peresenti, a Chakwera 33 peresenti. Ena zinawawawa kwambiri, mayi wina ananyamula mphasa yake osatsanzika. Koma panalibe amene anati ndi bodza, chifukwa manambala anali atakwera pang'onopang'ono m'makutu mwa onse ndi m'kope la malume. M'mawa mwake anthu anatsutsana za chimanga, feteleza, shuga ndi mizere ya mafuta, za chimene chinalakwika ndi amene analakwitsa. Sanatsutsane za chimene chinanenedwa. Kwa ine kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo ndikukhulupirira kuti kabokosi kaja kanathandiza. Foni imakuuza iwe wekha, ndipo mnzako imamuuza zina. Wailesi imayankhula mokweza pagulu, wonama amagwidwa pomwepo ndi amene anamva nawo.

Amayi anakumbukira za pa 3 February 2020, tsiku lomwe majaji asanu a khothi loona za malamulo aakulu a dziko anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chija cha Tipp-Ex. Chigamulo chinawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, chikuulutsidwa pa wailesi. Akuti mabatire anatha nkhani ili pakati, ndipo anthu anachita kuchotsa a m'matochi kuti amve mathero. Ulendo uno za mabatire panalibe amene anazitchula.

Sindikunena kuti chilichonse cha pa wailesi ndi choona. Tonse timadziwa kuti nyumba zina zimapendekera kwa amene akulamula, zina kwa eni ake ndi anzawo, ndipo nthawi ya kampeni uthenga wolipiridwa umamveka ngati nkhani. Wailesi imathanso kutsekedwa pakamwa. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa, nyumba zina zoyima pazokha zinaletsedwa kuulutsa zomwe zinkachitika m'misewu. Mu 2022 bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu la MACRA linalanda ziphaso nyumba zingapo pa nkhani ya ngongole za malipiro. Mapologalamu oimba foni nawo, mukamvetsera bwino, oimba ake ndi omweomwewo, ambiri azibambo a m'tauni okhala ndi mayunitsi. Amayi anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi mwanawe, azimayi akumudzi alibe maganizo?" Chomwe wailesi imakupatsa ndi mwayi wopotokola n'kumva nkhani yomweyo kwa wina. Malume amatero dala: amamvera nkhani pa siteshoni imodzi, ikatha amasamukira pa ina, kenako amaweruza okha.

Pa kupotokola pomwepo ndi pomwe pali vuto loyamba la katunduyu. Kogudubuza masiteshoni n'kolobodoka, manambala ake ndi ang'onoang'ono, ndipo masiteshoni a FM ali mothithikana. Ukangosuntha pang'ono walumpha awiri. Maso a amayi ndi ofooka, choncho mdzukulu anadontheza penti ya zikhadabo pa malo atatu omwe iwo amakonda. Mabatani onse ndi olembedwa m'Chingerezi, ndipo mukadina losinthira kuchoka pa wailesi kupita pa memori khadi, mumatuluka mawu a mzimayi wachilendo okweza kwambiri omwe satsitsika. Usiku amadzidzimutsa nyumba yonse. Eriyo ndi yopyapyala, inathyoka pa mfundo yachiwiri mwana ataikoka, ndipo pano pali waya wa kopa wokulungidwa. Ikugwirabe bwino.

Vuto lalikulu ndi batire. Pa katoni analemba maola ambirimbiri omwe sindinawaonepo. Ili yatsopano, ikakhuta dzuwa inkatha kuyankhula madzulo onse ndi babu limodzi loyaka mpaka nthawi yogona. Dzinja litafika zinasintha. Mvumbi ukagwa masiku awiri, sola yaing'ono ija simakoka kanthu, ndipo amayi ankasankha pakati pa kuwala, nkhani ndi foni. Pofika nthawi yokolola batire linali litafookeratu. Mwayi wake mtundu womwe ndinagula uli ndi kachitseko kumbuyo, ndipo mkati muli mabatire awiri ozungulira aja a 18650. Okonza mafoni mu Lilongwe amagulitsa, ena amachotsa m'mabatire a laputopu zakale. Nditasintha, wailesi inabwerera mwakale. Mawailesi ena batire lake ndi lomatiridwa mkati, likafa ndiye kuti muyenera kupeza wodziwa kuwotcherera, apo ayi mwataya zonse. Funsani zimenezi musanapereke ndalama, ndipo wogulitsa atsegule muone. Posankha mabatire atsopano, anyamuleni m'manja. Opepuka kwambiri, ngakhale alembedwe manambala aakulu, mulibe kanthu.

Memori khadi ndi dalitso komanso gwero la mkangano. Adzukulu anakabenetsa nyimbo pamsika, ndipo agogo awo akangopita kudimba, iwo amatsegula mpaka kumapeto. Pofika nthawi ya nkhani wailesi yafa. Amayi anathetsa okha nkhaniyi: kakhadiko amakamanga pa mfundo ya chitenje, amakatulutsa Loweruka ndi Lamulungu masana.

M'mashopu ambiri a katundu wotere mulibe gerenti. Katundu akatuluka watuluka. Choncho yesani zonse muli pomwepo. Yatsani mababu onse awiri, bayani foni yanu muone ngati ikutchaja, tulukani ndi sola panja muone ngati kanyali kofiira kakuyaka, gwedezani waya pomwe walowera kuti muone ngati sakudukiza. Sakani masiteshoni osachepera atatu. Wogulitsa akayamba kukwiya kuti mukuchedwetsa, pitani shopu ina, poti zilipo zambiri mumzere womwewo.

Kwa amene muli ndi magetsi a ESCOM ndi foni yaikulu, iyi ingokuthandizani magetsi akazima. Koma ngati muli ndi kholo kumudzi lomwe mumalitumizira ndalama ya mabatire ndi yotchajitsira foni mwezi ndi mwezi, gulani, bola ikhale ya sola yapadera ndi batire lochotseka. Ngati thumba likulola, onjezerani sola yokulirapo pang'ono yolingana mphamvu ndi wailesiyo, ndipo wokonza zamagetsi akuyezereni musanalumikize. Ine ndi zomwe ndikusungira ndalama panopa, kuti ikakwere padenga mvula isanayambe.