Anakana kumujambula khosi mwana wanga, koma ndikuwayamika

Loweruka lapitali mwana wanga wa zaka 7 anagwa mumtengo wa mango, mutu n'kugunda pansi. Tinathamangira naye ku chipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre, mtima uli m'mwamba, ndalama za CT scan (makina ojambula m'kati mwa thupi) nditabwereka kale kwa achimwene.

Pofikira alendo anatichedwetsa mphindi 40 ndi mafomu, apa pokha sindinakondwe. Koma adokotala, mayi wofatsa, anandigometsa. Anamugoneka chagada, namufunsa dzina ndi kalasi yake. Anamuuza awafinye dzanja, agwedeze zala zakumapazi, kenaka anamusisita kuseri kwa khosi, fupa ndi fupa. "Pakupweteka apa?" Iye ayi, maso ali pa switi za patebulo.

Ine kukakamira: "Adokotala, ingomujambulani basi." Anandifotokozera kuti CT amasungira mwana wokomoka, wobanika, kapena amene manja ndi miyendo zachita dzanzi kapena kufooka. Khosi likamangopweteka amayamba ndi X-ray, poti cheza cha CT n'chochuluka ndipo chingawononge chithokomiro cha mwana chomwe chili pakhosi pomwepo. Anati akadandaula khosi usiku tibwererenso msanga.

Ndalama za achimwene ndinabweza Lolemba.