Kabuku ka Micrograms: kakang'ono koma kokoma

Aphunzitsi anzanga a ndakatulo, mukamadutsa kwa ogulitsa mabuku akale ku Old Town muziyang'anako kabuku kotchedwa Micrograms. Ine ndinakapeza komweko, kali pansi pa mulu wa mabuku a sukulu, kopyapyala moti kamalowa m'thumba la jekete.

Mlembi wake ndi Jorge Carrera Andrade, mlakatuli wa ku Quito m'dziko la Ecuador, amene anamwalira mu 1978. Anagwira ntchito ya ukazembe m'mayiko angapo, ndipo kabukuka anakasindikiza m'Chisipanishi ku Tokyo mu 1940 ali pa ntchito ku Japan. Kumasulira kwa Chingelezi komwe ndili nako kunatuluka mu 2011.

Ndakatulo zake ndi za mizere iwiri, itatu, mwina inayi, ndipo iliyonse imagwira kanthu kamodzi basi. Nkhono akuti ndi katepi kamene Mulungu amayezera munda. Ina, yomwe ndimaikonda kuposa zonse, ndi ya njere ya chimanga: m'bandakucha uliwonse njere ili m'chithokomiro cha tambala imasanduka chikonyo cha nyimbo. Munthu wa kutali chonchi, koma akunena za chimanga ndi tambala, zinthu zomwe mwana wa ku Kawale amaziona tsiku ndi tsiku osaziganizira. Nzosadabwitsa, poti kwawo ku mapiri a Andes chimanga akhala akulima kuyambira kalekale.

Zimamveka ngati zilape zathu, kungoti iye yankho amaliika pamutu penipeni. Ndiye ine ndimabisa mutuwo, nkuwerengera ana a Fomu 3 mizere yokha. Mkangano wake! Wina amvekere nyerere, wina bongololo. Kenako ndimawauza alembe zawo m'Chichewa, za mbaula, za kabaza, za ngumbi. Ana omwe ankaopa ndakatulo poganiza kuti imafuna mawu akuluakulu ndi tsamba lodzaza, pano amalimbirana choko.

Gawo loyamba ndilo lolemerako. Ndi nkhani yaitali yofotokoza kumene ndakatulo zazifupi zinachokera, ndipo yadzaza mayina a alakatuli a ku Spain ndi ku Latin America omwe ambirife sitinawawerengepo. Ndikulangizani muyambe ndi ndakatulozo, nkhaniyo mubwerere pambuyo. Kumapeto kuli ma haiku, ndakatulo zazifupi za ku Japan za mizere itatu, omwe iye anawamasulira. Ndi abwino, koma mtima wanga uli pa zake.

Kovuta ndi kukapeza. Wogulitsayo anali nako kamodzi kokha, choncho amene ali ndi m'bale kunja amutume. Aphunzitsi a kufupi ndi Kawale, bwerani mudzabwereke kanga, bola kabwerere pofika Lachisanu.