Morning glory kapena bougainvillea pa mpanda wa nyumba yoweta agalu

Mvula ikayamba mu Novembala, ambiri a ife kuno ku Chipata timafuna chomera choti chiyange pa mpanda wa waya kuti odutsa mumsewu asamaone zonse za pabwalo. Pakhomo panga ku Kapata ndinabzalapo mitundu iwiri, morning glory ndi bougainvillea, ndipo popeza ndimaweta agalu, ndikufuna kuuza anzanga oweta kusiyana kumene ndinaona.

Morning glory imakopa chifukwa sivuta. Njere zochepa zokha zimakwanira, ndipo mvula isanafike pakati mpanda umakhala utakutidwa ndi masamba ooneka ngati mtima komanso maluwa ofiirira kapena abuluu, amene amamasula m'mamawa n'kufota dzuwa likakwera. Chomerachi chinachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, ndipo ndi cha banja limodzi ndi mbatata ya kholowa, n'chifukwa chake munthu sachikayikira. Koma poizoni wake ali m'njere. Njere za mitundu ingapo ya morning glory zili ndi mankhwala otchedwa ergine, ofanana kapangidwe ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD, ndipo amasokoneza ubongo. Galu akatafuna masamba okha, nthawi zambiri amangosanza kapena kutsegula m'mimba, koma akadya njere zambiri amadzandira, amakhala wosakhazikika kapena wofookeratu, ndipo mwana wa diso amakula.

Nthawi yoopsa si pamene mpanda uli wobiriwira, koma mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, pamene timatumba ta njere tauma n'kumasweka tokha. Njere zakudazo zimagwera m'tsinde mwa mpanda, malo omwewo amene tiana ta agalu timakonda kufukula ndi kugona pamthunzi. Ndi mmene kagalu kanga ka miyezi inayi kanadwalira. Ndinakapeza madzulo kakuyenda ngati koledzera, dovu likuchucha, ndipo m'masanzi ake munali tizidutswa ta njere. Kanachira titapita nako kwa dokotala wa ziweto, koma usiku umenewo sindinagone.

Bougainvillea, yochokera ku South America, imafuna kuleza mtima. Mumadula nthambi n'kuzizika, ndipo mpanda sutsekeka m'nyengo imodzi monga umachitira ndi morning glory. Ubwino wake ndi wakuti ikakhazikika imapirira chilimwe chathu, imachita maluwa ngakhale mu Okutobala udzu wonse utauma, ndipo siili m'gulu la zomera za poizoni woopsa kwa agalu. Vuto lake ndi minga, imene imabaya mapazi a galu makamaka mukadulira n'kusiya nthambi pansi, komanso utomoni wake umatha kuyabwa khungu. Zimenezi zimapeweka ndi tsache ndi moto, pamene njere za morning glory simungazitole zonse.

Ena angati kuli bwino nkhadze, mpanda wa makolo. Imeneyo sindingailimbikitse pamene pali agalu kapena ana, chifukwa utomoni wake woyera umaotcha maso ndi m'kamwa.

Kwa ine bougainvillea ndiyo yoyenera, ngakhale imachedwa. Amene simukufuna kutaya morning glory yanu, muzithothola maluwa ofota asanabereke njere, ndipo tiagalu tisamafike kumpandako. Galu akadya njere, musamumwetse madzi a mchere kuti asanze, pakuti mchere wochuluka nawonso ndi poizoni kwa iye. Thamangani naye kwa dokotala wa ziweto mutanyamula kanthambi ndi njere kuti aone chimene wadya. Morning glory yanga ndinaizula yonse chaka chimene kagalu kanga kanadwalacho, komabe mvula iliyonse timbande tatsopano timamerabe m'tsinde mwa waya, ndipo ndimatizula tisanayambe kuyanga.