Cavendish, Cipollini kapena Zabel: liwiro la mtondo wadooka linali la ndani?

Pa akatswiri a sprint m'mipikisano ya njinga zapamsewu, aja amabisala kumbuyo kwa anzawo tsiku lonse n'kudzaphulika m'mamita 200 omaliza, ine mkangano ndimauona pakati pa anthu awiri: Mark Cavendish ndi Mario Cipollini.

Cipollini wa ku Italy anali chimunthu chachitali, chokonda kudzionetsa. Timu yake ya Saeco inkandanda ngati sitima, onse atavala zofiira, aliyense kupalasa mpaka mpweya kuthera n'kupatuka, kuti bwanayo angomalizitsa. Anapambana masiteji (zigawo za tsiku limodzi za mpikisano wa masiku ambiri) 42 a Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa ku Italy, kuposa 41 a Alfredo Binda, ndipo mu 2002 anatenga Milan-San Remo, mpikisano wotchuka wa tsiku limodzi, komanso ukatswiri wa dziko lonse ku Zolder. Koma pali chilema chimodzi chomwe sindingachilambalale. Ku Tour de France anapambana masiteji 12, anayi mwa amenewo motsatizana mu 1999, koma sanafikepo ku Paris, komwe mpikisanowo unkathera, ngakhale kamodzi. Mapiri akangoyamba, mkuluyu ankapakira katundu.

Cavendish, mnyamata wamfupi wa ku Isle of Man, mapiriwo ankawakwera movutika ndithu, ali kumapeto kwa gulu, kulimbana ndi nthawi kuti asamuchotse mumpikisano. Akatero ankafika pa Champs-Élysées, msewu wa ku Paris komwe Tour inkathera, n'kupambana, zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2009 mpaka 2012. Muonereni pa liwiro: chibwano chili pafupi kugunda chiwongolero, msana uli gwa, mphepo yosowa pomugwira. Mu 2009 ku San Remo, Heinrich Haussler anali atathawa kale, Cavendish n'kumupeza pamzere penipeni, kumuposa ndi kachidutswa ka tayala. Matenda a Epstein-Barr atamufooketsa, ambiri tinati zake zatha. Anabwerera mu 2021 n'kutenga masiteji anayi a Tour ndi jezi yobiriwira, ya wotolera mapointi ambiri, kenako mu 2024 ku Saint-Vulbas, ali ndi zaka 39, anapambana siteji yake ya 35 n'kudutsa 34 ya Eddy Merckx, yemwe anali pamwamba pa onse. Kwa ine woyamba ndi ameneyu.

Erik Zabel wa ku Germany ndimamuika pachitatu monyinyirika. Majezi obiriwira 6 otsatizana ndi Milan-San Remo kanayi si masewera (kachisanu kanamupulumuka mu 2004 atakweza manja msanga, Óscar Freire n'kumudutsa chamunsi). Koma anadzavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito EPO, mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu, ndiye mbiri yakeyo muiwerenge mukudziwa zimenezo.

Okonda Marcel Kittel adzati pa liwiro lenileni iye ankamuposa Cavendish, ndipo mu 2013 zinaonekadi choncho, mpaka pa Champs-Élysées pomwe. Kungoti anasiya njinga mu 2019 ali ndi zaka 31 zokha, masiteji a Tour ali 14. Peter Sagan ndi majezi ake obiriwira 7 sindikumuwerengera pano: ambiri anawatenga potolera mapointi m'masiku azitunda, momwe anzake a sprint anali atatsalira kutali.