Boti la ku Thumbi ku Cape Maclear: zimene ndinaona ndi zimene sizinandisangalatse

Ine kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Likhubula, ndipo madzi amene ndinakula nawo ndi a m'phiri, ozizira ochita kuluma mafupa. Pa Dziwe la Nkhalamba umalowa, kupalasa kawiri katatu, n'kutuluka mano akugogoda. Ndiye mwana wanga wamkazi atandiuza kuti pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, anditengera ku Cape Maclear kukaona nsomba pansi pa madzi, ndinavomera koma mtima uli m'mwamba.

Tinanyamuka mbandakucha, kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde mpaka Mangochi. Tisanafike pa Monkey Bay tinakhotera kumanzere, msewu wokhotakhota wa makilomita pafupifupi 18 wodutsa m'mapiri, anyani ali yakaliyakali m'mbali. Tinafika m'mudzi wa Chembe dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake tisanamwe n'komwe tiyi, anyamata a maboti anali atatipeza kale pamchenga. Alipo ambiri, ndipo aliyense amati boti lake ndiye labwino. Langizo langa loyamba ndi ili: gwirizanani zonse musanaponde m'boti. Mtengo umanenereredwa. Funsani ngati ndalamayo ikuphatikiza magalasi oonera m'madzi, kapaipi kopumira kamene iwo amati snorkel, ndi chakudya cha masana. Ndalama yolowera m'paki ndi yapadera, chifukwa chilumba cha Thumbi chili mkati mwa Lake Malawi National Park, ndipo ife Amalawi timalipira yochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Chimene chinandikwiyitsa ndinene msanga. Tinali anthu asanu ndi mmodzi, koma m'botimo munali majekete oyandamitsa atatu okha, ina lamba wake woduka. Mnyamata woyendetsa anati, "Amayi musadandaule, nyanja lero yagona." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, ine ndine wa kuphiri, popanda jekete sindikwera." Anathamangira kwa anzake n'kubwera nawo ena atatu. Choncho majeketewo alipo, kungoti amadikira kuti muumirire. Umirirani ndithu, makamaka ngati muli ndi ana. Magalasi amene anandipatsa poyamba ankalowetsa madzi cha pamphuno, ndipo kapaipi kopumira anangokatsukuluza m'nyanja momwemo n'kundipatsira kuti ndiike m'kamwa. Pamenepo pakufunika kukonza.

Kuoloka sikunatenge nthawi, chilumbacho chimaonekera pagombe pomwe. Amene akuyembekezera mchenga woti agonepo adziwiretu kuti pamene tinakocheza ife ndi pamiyala ikuluikulu yoterera, yofanana ndi ya mumtsinje wa Likhubula. Polowa m'madzi umatsetsereka chokhala.

Madzi ake ndi ofunda ngati aphitsidwa. Mnyamata uja anandigwira dzanja, madzi ali m'chifuwa. "Amayi, lumani kapaipika pang'ono, muzipumira m'kamwa, mphuno iiwaleni." Kawiri konse ndinadzuka ndikutsokomola. Sanandiseke kapena kundifulumizitsa. Kachitatu ndinagoneka nkhope pamadzi, jekete n'kundinyamula, ndipo ndinangomva mpweya wanga wokha ukulira m'kapaipi.

Abale inu, mbuna, nsomba zokhala m'miyala ya m'nyanjayi! Moyo wanga wonse nsomba ndimaidziwa ili pamsika wa Chitakale, youma, yotuwa, usipa wa pamulu. Izi zinali zabuluu wowala, zina zachikasu ngati nthochi yakupsa, zina za mizeremizere ngati mbidzi, zambiri zosaposa chikhatho changa. Zinali piringupiringu m'mipata ya miyala, zikubudula ndere, mitu pansi michira m'mwamba. Ina inali ndi kamwala kake, iliyonse yoyandikira ikuipirikitsa ngati tambala pabwalo. Mnyamatayo anandilozera ina imene inabisala pansi pa mwala, yosadya, kukhosi kwake kotupa. Titadzutsa mitu anandiuza kuti ndi yaikazi, ikufungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amathawiranso m'kamwa momwemo akaona choopsa. Ndinabwerera pansi kukaiyang'ananso, ndipo ndinakhalitsa pamenepo mpaka mwana wanga anachita kundikodola.

Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti boma likhazikitse pakiyi mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja yathuyi. Kupha nsomba pafupi ndi zilumbazi n'koletsedwa, n'chifukwa chake siziopa munthu. Anyamatawo amaziponyera nyenyeswa za buledi kuti ziunjikane, koma ine ndinaona kuti n'zosafunika. Pamene sanaponye buledi ndi pamene ndinaziona bwino zikuchita zawo.

Nkhomaliro inali kampango wootcha pamakala, mpunga ndi supu ya tomato, zophikira pachilumba pomwepo. Kampangoyo anali wa tsiku lomwelo, wonona, mchere wake wokwanira. Mpunga wokha unali wosapsetsa, ndipo madzi akumwa anatenga ochepa. Nyamulani anu, kutentha kwa Okutobala kunyanja sikufanana ndi kwa kuno ku minda ya tiyi. Valaninso malaya posambira, msana umapsa iwe osadziwa.

Pobwerera woyendetsa anazimitsa injini, n'kuimba likhweru, n'kuponya kansomba patsogolo pa boti. Nkhwazi inachoka mumtengo pachilumba, inatsika mapiko ali tambalale, inatola kansombako ndi zikhadabo osanyowetsa ngakhale nthenga za pamimba. Aka kanali koyamba kuti ndione nkhwazi yamoyo pafupi chonchi.

Nkhani ya likodzo isabisidwe. Ku Cape Maclear liliko, makamaka m'madzi osaya a kugombe la mudzi kumene anthu amachapa, kutsuka mbale ndi kusamba, chifukwa tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi. Woyendetsa boti wathu sanatchule n'komwe, ndipo ndikuona kuti ankayenera kutero. Ife patapita masabata angapo tinapita kuchipatala kuno kwathu kukayezetsa. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo ndi bwino kumwa azaumoyo atakuuzani mlingo wake, chifukwa amatengera kulemera kwa munthu.

Za nyengo, anyamatawo anatiuza kuti tinasankha bwino. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumaomba mwera, nyanja imawinduka, ndipo kwa munthu wosazolowera boti ulendo umakhala wovuta.

Ndidzapitanso, ndipo ndidzafuna mnyamata yemwe uja chifukwa cha kuleza mtima kwake pondiphunzitsa. Koma magalasi ndi kapaipi ndidzatenga zanga. Ndamuuza kale mwana wanga kuti andifunire ku Blantyre ziwiri, china chaching'ono cha mdzukulu wanga wa Sitandade 5, amene chibwerereni sanasiye kundifunsa za nsomba yosunga ana m'kamwa ija.