Ubuntu, TrueNAS kapena OpenMediaVault: seva ya shopu ikhale pa chiyani?

Amalume ali ndi shopu ya feteleza ndi mbewu pa Dedza boma. Makompyuta ndi anayi, koma malisiti, mitengo ndi ngongole zonse za alimi a kachewere a ku Bembeke zimasungidwa pa imodzi yakale yomwe ili kuseri kwa matumba a urea. Microsoft italeka kusamalira Windows 10, yomwe inali pa kompyutayo, pa 14 Okutobala 2025, amalume anandifunsa kuti, "Mphwanga, ndiye tigule ina?" Ndinati, "Ayi amalume, yomweyi igwira ntchito, tingoisinthira za m'kati." Ndinayesa njira zitatu, zonse zaulere, zoisandutsira seva, kutanthauza kompyuta yosunga mafayilo omwe makompyuta ena amawatsegula. Zonse zimagwiritsa ntchito Samba, pulogalamu yochititsa kuti makompyuta a Windows aziona foda ya pa seva monga kale, choncho achemwali a pakauntala sanazindikire n'komwe kuti chasintha.

Ubuntu Server 24.04 ndi yolimba, ndipo amaisamalira zaka 5 osalipira. Vuto n'lakuti ukaiyatsa umangoona chinsalu chakuda chodikira kuti ulembe malamulo. Ine ndingathe, koma sindikhala pashopu tsiku lililonse, ndipo kuitana katswiri kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80, chifukwa cha foda imodzi yokana kutseguka ndi kutaya ndalama. Ndinaisiya.

TrueNAS ndiyo inanditenga mtima, ndipo mpaka lero ndimaisirira. Imasunga mafayilo m'njira yotchedwa ZFS: fayilo ikamasinthidwa, zatsopano zimalembedwa pamalo ena kaye, zakale osazifafaniza mpaka kulembako kutatha. Magetsi akathima pakati pa ntchito, monga amachitira kuno mvula ikayamba, buku la ngongole silisanduka zinyalala. Imajambulanso mmene foda inalili pa nthawi zomwe mwaiuza, moti wina akafufuta fayilo molakwitsa m'mawa, mumaibweza monga inalili dzulo. Koma imadya. Imafuna RAM (malo omwe kompyuta imasungira zomwe ikugwira panthawiyo) yosachepera 8 GB, disiki yakeyake yoyambira, ndi madisiki ena awiri ngati mukufuna kuti imodzi ikafa inzake itsale ndi zonse. Kompyuta ya amalume ili ndi 4 GB basi. Titawerengera mtengo wa zowonjezerazo, iwo anangogwira mutu.

OpenMediaVault ndiyo tinaika. Inamangidwa pa Debian, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, yomwe yakhalapo kuyambira 1993, ndipo 4 GB ndi yokwana n'kutsala. Ukaiika, zonse umachitira pa browser ya kompyuta ina: kupanga foda, kupatsa aliyense dzina ndi pasiwedi yake, kutseka foda ya malipiro kuti aziilowa amalume okha. Mnyamata wolemba malisiti anaphunzira kuwonjezera munthu watsopano masana amodzi. Chofooka chake n'chakuti pa ext4, njira yosungira mafayilo yomwe ambiri amasankha, simupeza kubwerera m'mbuyo kuja kwa ZFS. Tinatseka mpatawo ndi UPS yaing'ono (batire yothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima) komanso disiki ya USB yomwe imakopera zonse Loweruka lililonse, kenako amalume amapita nayo kunyumba m'chikwama.

Amene ali ndi makina a 8 GB ndi ndalama ya madisiki awiri asazengereze, atenge TrueNAS. Ife tidikira alimi abweze ngongole akakumba kachewere, ndiyeno tikambirane za RAM.